Mzati wa Likoma, Mzati wa Lilongwe

Tengani ziwerengero za kalembera wa anthu wa 2018, boma lililonse pamzere wake, muzilowetse m'pulogalamu ya R, ndipo muuze ggplot2, phukusi lake lojambulira matchati, kuti ikujambulireni tchati cha mizati osawonjezerapo lamulo lina lililonse. Mupeza Balaka ali kutsogolo, Blantyre pambuyo pake, kenako Chikwawa, Chiradzulu, Chitipa, mpaka Zomba kumapeto. Cha pakati mupeza Likoma, wa anthu 14,527, atayandikana ndi Lilongwe, amene mukaphatikiza mzinda ndi midzi yake anali ndi anthu oposa 2.6 miliyoni. Chawayandikizitsa n'chiyani? Zilembo ziwiri zoyambirira za mayina awo basi.

Matchati otere ndimawaona m'malipoti a mabungwe, m'mapepala a ophunzira a kuyunivesite, ngakhalenso pakhoma pamisonkhano ya khonsolo, ndipo amandipweteka mtima. Amene anasonkhanitsa ziwerengerozo anayenda mitunda, ena panjinga, ena wapansi, kugogoda khomo ndi khomo. Ndiye ntchito yonseyo ikafika pomaliza, pamene khansala, mfumu kapena namwino akuti aone tanthauzo lake, timaisiyira kompyuta kuti isankhe yokha. Pulogalamu siidziwa amene adzawerenge tchaticho. Imandandalika mayina motsata alifabeti chifukwa palibe wauza njira ina. Wodziwa owerenga ndi inuyo amene mwakhala pamakinapo.

Funso limene munthu amabwera nalo patchati cha maboma 28 ndi lakuti wamkulu ndani, wotsatira ndani, ife tili pati. Mizati ikasanjidwa kuyambira wautali mpaka waufupi, diso limayankha lokha munthu asanawerenge nambala ndi imodzi yomwe. Mu R ntchitoyi ndi ya mawu amodzi, reorder, kapena fct_reorder kwa amene amagwiritsa ntchito forcats. M'pulogalamu ya Stata mumalemba sort ndi descending mkati mwa over. Sipatha mphindi. Komanso muigoneke mizatiyo cham'mbali. Mayina ngati Nkhotakota, Chiradzulu ndi Nkhata Bay sakwana pansi pa mizati yoimirira. Lamulo lakale la mu R la barplot likaona kuti mayina akupanikizana limangosiya ena osawalemba, mwakachetechete, moti boma lina limatsala ndi mzati wopanda dzina. Ena amathetsa vutoli potembenuza mayina kuti aime chilili, wowerenga n'kumapendeketsa khosi. Koma horiz = TRUE ndi las = 1 mu barplot, coord_flip mu ggplot2, kapena graph hbar mu Stata, zimakupatsani mayina owerengeka monga mmene timawerengera nyuzipepala.

Nzeru imeneyi ndi yakale ngati tchaticho. William Playfair, injiniya wa ku Scotland, anasindikiza tchati choyamba chodziwika cha mtundu umenewu mu 1786 m'buku lake la The Commercial and Political Atlas. Chinkasonyeza katundu amene Scotland inagula ndi kugulitsa m'chaka chimodzi ndi madera 17, ndipo mizati yake inali yogona, iwiriiwiri, dzina lili pambali. Matchati ena m'bukumo anali a mizere yoyenda ndi zaka. Za Scotland analibe ziwerengero za zaka zambiri, n'chifukwa chake anapeka njira inayi, ndipo mwini wakeyo ankaiona ngati yoperewera poyerekeza ndi mizere ija. Iye ankadalira dzanja ndi wozokota pachitsulo, choncho chilichonse chimene chinalowa patsamba chinali choganiziridwa.

Pali zinthu zina zimene zili ndi dongosolo lake kale, ndipo izi musazisanje ndi kukula. Miyezi mukailowetsa ngati mawu wamba, R imayamba ndi April, August, December. Magulu a zaka amasokonekeranso chimodzimodzi, gulu la 10-14 n'kutsogola gulu la 5-9 chifukwa 1 amabwera 5 asanafike. Mankhwala ake ndi kulemba nokha levels za factor m'dongosolo loyenera. Ndipo ngati mukujambula mvula ya kuno kwathu, ine ndimati musayambire January. Dzinja lathu limayamba cha mu November n'kukathera cha mu April. Tchati choyambira January chimadula dzinjalo pakati, theka kumanzere, theka kumanja, pomwe mlimi amalidziwa ngati nyengo imodzi. Yambirani July kapena October kuti mvula yonse ioneke pamodzi.

Tsopano nkhani imene ndimailimbikira koposa zonse: mzati uyambire pa ziro.

Tchati cha mizati chimalankhula ndi kutalika. Mzati wotalika kawiri ukunena kuti chinthucho n'chochuluka kawiri, ndipo wowerenga amakhulupirira zimenezo asanayang'ane manambala a m'mbali. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749 m'dziko muno. Mwa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 44 anali m'chigawo cha kumwera, 43 m'chigawo chapakati, 13 kumpoto. Jambulani zigawo ziwiri zikuluzikuluzo kuyambira pa ziro, muona mizati iwiri yotsala pang'ono kufanana, ndipo zoona zake n'zimenezo. Yambirani pa 42, mzati wa kumwera utalika kawiri kuposa wapakati. Palibe nambala yabodza imene yalembedwa, komabe amene waona chithunzicho apita kwawo ndi bodza m'mutu. Zili ngati kuyerekeza misinkhu ya anthu awiri amene aima kuseri kwa mpanda: wina waonekera chipumi chokha, wina mutu wonse, inu n'kumati uyu ndi chimphona, pomwe asiyana ndi zala zitatu. M'dziko limene nkhani ya zigawo imakhudza mavoti, misewu ndi kagawidwe ka chuma, chithunzi chotere chikalowa pa WhatsApp sichibwezeka.

Apa ndimawayamikira amene analemba mapulogalamuwa. Onse awiri, barplot ndi ggplot2, amayambira pa ziro mukapanda kuwakakamiza. Mu ggplot2 mukadula ziro ndi ylim mizati imazimiririka, pulogalamu n'kukuchenjezani kuti yataya mizere ina. Mu Stata muyenera kuchita kulemba exclude0 ndi zala zanu. Kutanthauza kuti mzati woduka wochokera m'mapulogalamu amenewa sunaduke mwangozi. Excel ndiye imatha kudzisankhira poyambira pena manambala akayandikana kwambiri, choncho amene amajambulira m'menemo aziyang'ana pansi pa tchati asanachitumize. Wina adzati, nanga kusiyana kukakhala kochepa koma kofunika, monga kukwera pang'ono kwa chiwerengero cha ana olandira katemera? Dandaulo limenelo n'lomveka. Yankho lake ndi kusiya mizati n'kujambula madontho kapena mzere, chifukwa dontho limasonyeza malo pamene nambala yafika, silinena za kutalika, ndipo mukhoza kuliyandikira mmene mungafunire.

Ziro ali ndi mtengo wake, ndipo Likoma ndi amene amalipira. Mzati wa Lilongwe ukakhala masentimita 18, wa Likoma ukhala ngati milimita imodzi. Usiyeni choncho, chifukwa kusiyanako n'koona, koma lembani nambala kumapeto kwa mzati uliwonse ndi geom_text kuti wa ku Chizumulu, chilumba cha m'boma la Likoma, apeze anthu akwawo patsambalo. Manambalawo akhale olembedwa mmene anthu amawadziwira. Ikasiyidwa yokha, ggplot2 imatha kulemba 2e+06 m'malo mwa 2,000,000, ndipo phukusi la scales lili ndi comma wokonzera zimenezi. Dzifunseninso ngati chimene mukufuna ndi chiwerengero chonse. Mukawerenga odwala, ana osiya sukulu kapena milandu boma ndi boma, maboma a anthu ambiri ngati Lilongwe, Blantyre ndi Mangochi azikhala pamwamba nthawi zambiri chifukwa choti kuli anthu ambiri. Gawani ndi chiwerengero cha anthu, musonyeze pa anthu 1,000 kapena 100,000 aliwonse, ndipo boma laling'ono limene likuvutikadi lionekera.

Pali misampha iwiri imene imakola ongoyamba kumene. Mu ggplot2, geom_bar imawerenga kuchuluka kwa mizere ya m'tebulo lanu, pomwe geom_col imatenga nambala imene mwalemba kale. Mukaipatsa geom_bar tebulo la maboma 28, lililonse mzere umodzi, mupeza mizati 28 yofanana ndendende, uliwonse wofika pa 1. Msampha umenewu ndi wabwinoko chifukwa umaonekeratu. Woopsa ndi wa Stata: graph bar mukaipatsa dzina la nambala osanena china, imajambula avereji. Ngati muli ndi ziwerengero za chipatala chilichonse ndipo mukufuna zonse za boma pamodzi, muyenera kunena kuti sum. Mukaiwala, tchati chituluka chooneka bwino, chopanda chenjezo, koma chikuyankha funso limene simunafunse.

Za mitundu ndinene mwachidule. Maboma 28 safuna mitundu 28, dzina lililonse lili kale pambali pa mzati wake. Komanso mitundu imene ggplot2 imasankha yokha inapangidwa kuti ikhale yowala mofanana, ndiye lipoti likadutsa pamakina a fotokope, monga amachitira malipoti ambiri asanafike m'manja mwa makhansala, yonse imasanduka yotuwa chimodzimodzi. Ikani mizati yonse yotuwa, boma limene mukukamba likhale lakuda. Pewani kudalira kufiira ndi kubiriwira kokha, popeza pali anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa mitundu iwiriyi.

Mizati yosanjikiza, ya zidutswa zinayi kapena zisanu mumzati umodzi, ndimaikayikira. William Cleveland ndi Robert McGill a ku Bell Laboratories anayesa anthu n'kusindikiza zotsatira mu 1984. Anapeza kuti diso limayerekeza molondola kwambiri zinthu zimene zayambira pamzere umodzi, limalakwitsako zikayambira posiyana, ndipo limavutikanso ndi ngodya, zimene matchati ozungulira amadalira. Mumzati wosanjikiza, chidutswa chapansi chokha n'chimene chili ndi poyambira pofanana ndi anzake, zinazo zimayandama. Ngati nkhani yanu ndi ya amuna ndi akazi, aimikeni moyandikana ndi position = "dodge". Magulu akachuluka, facet_wrap ikupatsani timatchati tating'ono, gulu lililonse kake.

Mutu wa tchati unene chimene mwapeza. M'malo molemba kuti chiwerengero cha anthu m'zigawo, lembani kuti kumwera ndi pakati kuli anthu pafupifupi ofanana. Ngati owerenga ndi a komiti ya chitukuko ya m'mudzi, mutuwo ukhale m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Lamulo la labs limalandira chilankhulo chilichonse, ndipo pansi pa tchati pali malo olembapo kuti ziwerengero zachokera ku National Statistical Office ku Zomba, chaka chakuti.

Wina angafunse chifukwa chovutikira ndi malamulo olemba pomwe akhoza kungodina apa ndi apo. Chifukwa changa choyamba ndi ndalama. R anaiyambitsa Ross Ihaka ndi Robert Gentleman pa yunivesite ya Auckland ku New Zealand, ndipo ndi yaulere. Nayonso ggplot2, imene Hadley Wickham anailemba potsata maganizo a m'buku la Leland Wilkinson la 1999, The Grammar of Graphics, ndi yaulere. Stata ndi SPSS ndi mapulogalamu abwino, koma chilolezo chake n'chogula ndi ndalama zakunja, zimene wophunzira wa ku Zomba, Bunda kapena Mzuzu sangazipeze mosavuta. Chachiwiri n'chakuti zimene mwasankha zimatsala zolembedwa. Mnzanu akhoza kutsegula fayilo n'kuona kuti munayambira pa ziro, munagawa ndi chiwerengero cha anthu cha chaka chiti, munachotsa mizere iti. Ziwerengero za mwezi wamawa zikabwera mumangoyendetsanso malamulo omwewo, tchati n'kutuluka mmene munachikonzera.

Pali malo amodzi pamene ndimati mzati usagwiritsidwe ntchito ngakhale utakonzedwa bwino chotani. Mu 2015 Tracey Weissgerber ndi anzake anaunika nkhani za kafukufuku 703 m'magazini a sayansi ya kagwiridwe ntchito ka thupi, n'kusonyeza m'magazini ya PLOS Biology kuti ofufuza ambiri amajambula avereji ngati mzati, pomwe ziwerengero zosiyana kotheratu zikhoza kubala mzati wofanana. Ganizirani midzi iwiri imene avereji ya zokolola zake ndi matumba khumi a chimanga pabanja. M'mudzi woyamba banja lililonse lapeza matumba asanu ndi atatu, khumi, khumi ndi awiri. M'mudzi wachiwiri mabanja ochepa adzaza nkhokwe, ambiri apeza awiri kapena atatu ndipo pofika October adzakhala ali paganyu. Mizati ya midzi iwiriyi ikhala yofanana, ndipo wogawa thandizo akaiona adzati kulibe kosiyana. Pamenepo gwiritsani ntchito geom_jitter kapena geom_boxplot, banja lililonse likhale dontho lake, kuti mabanja a matumba awiriwo awerengeke.