Mwana Akakodwa ndi Chamba, Tipite Naye Kuti?

Ambiri a ife timayamba ndi kubisa. Mnyamata wasiya sukulu, maso ali psuu, wailesi ya m'nyumba yasowa, koma anansi akafunsa timangoti "akudwaladwala." Miyezi imatha tikukalipa ndi kulira, chizolowezicho chikuzika mizu.

Kukodwa ndi chamba, mowa, kapena mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine ndi matenda, ndipo thandizo lake lilipo. Tisadikire mpaka mwana ayambe kuyankhula yekha pamsewu.

Poyambira ndi pachipatala chachikulu cha m'boma lathu. Tikafika, tifunse namwino kapena dokotala woona za matenda a m'maganizo. Titenge kabuku ka kuchipatala, ndipo tinene zoona zokhazokha: chimene amasuta kapena kumwa, anayamba liti, ndiponso anachigwiritsa ntchito komaliza liti. Vuto likakhala lalikulu, iwowo ndi amene amatitumiza kwina. Boma lili ndi chipatala cha matenda a m'maganizo ku Zomba, ndipo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God, amene amathandizanso anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Pali chinthu chimodzi choti tisamale nacho. Munthu amene wakhala akumwa mowa wambiri tsiku ndi tsiku tisamutsekere m'chipinda kuti asiye lero lomwe. Thupi lozolowera mowa likausowa mwadzidzidzi, m'masiku awiri kapena atatu munthu angathe kunjenjemera, kukomoka, kapena kuona zinthu zoti palibe, ndipo ena amafa. Ameneyu asiyire m'manja mwa achipatala. Chimodzimodzi amene akukamba zodzipha: tithamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asakhale yekha.

Akabwerako kuchipatala, ntchito yathu imakhala itangoyamba. Timuperekeze pa masiku amene anamuuza kuti adzabwerenso. Tisamupatse ndalama m'manja. Timugulire chimene akufunacho. Timupezere chochita, kaya ndi kudimba kapena kwa kalipentala, chifukwa kukhala chabe kumamubwezera kwa anzake akale. Akayambiranso, tisati zakanika. Ambiri amagwa kangapo asanasiyiretu, ndipo chofunika ndi kubwerera naye msanga kwa amene ankamuthandiza.

Nafenso tisasenze tokha. Tiuzeko wachibale mmodzi kapena mkulu wa mpingo wosunga chinsinsi, woti azipemphera nafe ndi kutiperekeza kuchipatala. Ndipo tikamva kuti vutoli lagwa kwa mnansi, tisamuseke. Tipite tikamuuze kumene kuli thandizo.