Wogwira Ntchito Pakhomo Amaweruka Liti?

Alamu anga amakhala kuno ku Area 1, ndipo ntchito yawo ndi yowerengera ndalama. Mpaka chaka cha 2020 ankadzuka m'mamawa, kuyenda wapansi mpaka ku depoti ya ku Old Town, kukwera minibasi ya ku City Centre, n'kuyendanso kuchokera pa siteji kukafika ku ofesi. Madzulo ankabwerera momwemo, nthawi zina atanyamula tomato ndi mpiru wa pamsika. Matenda a Covid-19 atafika m'dziko muno mu April chaka chimenecho, abwana awo anawauza kuti azigwirira ntchito kunyumba. Mliri unatha, koma iwo sanabwererenso ku ofesi. Ndalama ya thiransipoti inayamba kutsala m'thumba, ndipo enafe tinkawasirira.

Mwezi wathawu anandidandaulira. "Alamu, msanawu ukundisowetsa tulo, mathalauza akundithina, ndiye anamwino akuti BP yakwera. Chonsecho ine sindinasinthe kalikonse."

Tinakhala pakhonde n'kuwerengetsera limodzi, poti kuwerengera ndiye ntchito yawo. Ulendo wakale uja unkawayendetsa wapansi mphindi pafupifupi 40 tsiku lililonse, ndiye kuti mphindi 200 pa masiku asanu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azipeza mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu zolimbitsa thupi, monga kuyenda ndawala. Alamu anga ankakwanitsa zimenezi osadziwa n'komwe. Lero ulendo wawo ndi wochoka kuchipinda kufika pa tebulo lodyera, ndipo khitchini ili pafupi kwambiri moti dzanja silisowa chotola.

Munthu akakhala pampando maola ambiri, minofu ikuluikulu ya m'miyendo imagona. Minofu imeneyi ndiyo imakoka shuga wambiri kuchokera m'magazi, ndiye ikagona shugayo amachedwa kutsika, mafuta n'kumaunjikana. Kafukufuku wa matenda osapatsirana amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri a iwo sankadziwa. Matendawa sabwera ndi phokoso. N'chifukwa chake ndinawauza alamu kuti ulendo wa ku ntchito ubwerere, ngakhale ofesiyo ili pabalaza. Avale nsapato, atuluke pa geti, ayende mphindi 20 dzuwa lisanatenthe, kenako abwerere ngati munthu amene wafika pa ntchito. Pakati pa tsiku aziimirira pakatha theka la ola lililonse. Foni ikalira aziyankha ali chiimire, ndipo botolo la madzi azilisiya dala kukhitchini kuti ludzu liziwadzutsa.

Za msana ndi khosi, ndinapita kukaona pamene amakhala. Laputopu inali pa katebulo kakafupi ka pabalaza, iwo atawerama pa sofa ngati akusankha nyemba. Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi asanu, ndipo ukaweramira kutsogolo tsiku lonse, khosi ndi mapewa ndizo zimasenza. Sipafunika mpando wodula wa m'sitolo. Tinawasamutsira pa tebulo lodyera, n'kuika mabuku pansi pa laputopuyo mpaka sikirini inafika molingana ndi maso, ndipo anagula kiyibodi yapadera. Mapazi aziponda pansi, kapilo kakang'ono kumsana. Masonso amafuna kupuma: pakatha mphindi 20 zilizonse, munthu ayang'ane chinthu chakutali mamita asanu ndi limodzi kwa masekondi 20. Mtengo wa mango wa kwa aneba ndi wokwanira.

Koma vuto lalikulu ndinalipeza nditafunsa funso limodzi: mumaweruka nthawi yanji? Anaseka. Ku ofesi, 5 koloko ikakwana anzako amanyamuka, alonda amayamba kutseka, nawenso umathamangira minibasi. Pakhomo palibe amene amakuthamangitsa. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu January 2022, magetsi ankathima maola ambiri, ndipo ogwira ntchito pakhomo ambiri anazolowera kugwira usiku, nthawi imene ayaka. Makina a ku Kapichira anakonzedwa, koma chizolowezicho chinatsala. Alamu anga ankagona cha m'ma 1 koloko usiku, pamene munthu wamkulu amafunika tulo ta maola osachepera asanu ndi awiri. Kusagona mokwanira nakonso kumakweza BP.

Masana nawo ankadyeka ndi zina. Kwathu kuno, munthu akaoneka pakhomo ndiye kuti alibe chochita. Mlendo afika, mwana atumidwa kudzabwereka mpini, wachibale wochokera kumudzi akufuna womuperekeza ku chipatala cha Bwaila. Sindikunena kuti tizitsekera anthu chitseko, ayi. Mawa ndife tidzagogode kwa iwo. Koma achibale akauzidwa mwaulemu kuti kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko bambo ali pa ntchito, ambiri amamva, ndipo ntchito imene ikanagwiridwa pakati pa usiku imatha dzuwa likadalipo.

Kwa ife pali malire ena amene tinapatsidwa kale. M'mwezi wa June dzuwa limalowa ku Lilongwe kuno isanakwane hafu pasiti 5, ndipo Lachisanu limathamanga. Akazi awo a alamu anandinong'oneza kuti nthawi zambiri Sabata limalowa laputopu ili yotsekula pa tebulo lomwelo limene banja likufuna kupempherapo, mauthenga a WhatsApp a kuntchito akulirabe. Tinagwirizana kuti Lachisanu makasitomala azidziwitsidwa m'mawa kuti ntchito ithera 3 koloko. Ikakwana nthawiyo laputopu ilowe m'chikwama, chikwamacho chilowe m'kabati, mabuku aja abwerere pa shelefu. Masiku enawo, 5 koloko ikhale 5 koloko.

Papita milungu itatu tsopano. M'mawa uliwonse amayenda mpaka pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe n'kubwerera, ndipo akuti akumakumana ndi anthu amene anali asanawaone kuyambira nthawi ya mliri. Msana wayamba kuleza. Mathalauza akadawathinabe, ndipo BP akayezetsanso kumapeto kwa mwezi uno.