Akuti ndisaulule kwa dokotala

Agogo,

Ndine mayi wa zaka 56 ndipo ndimakhala ku Chipoka m'boma la Salima. Amuna anga ali ndi zaka 63, ntchito yawo ndi yautelala. Manja awo adayamba kunjenjemera kalekale ana athu akadali kupulaimale, koma zaka zitatu zapitazi zafika poipa moti kulowetsa ulusi pasingano sangathe, tiyi amatayikira pamalaya, kusaina dzina lawo lomwe ndi nkhondo. Malemu bambo awo adalinso chimodzimodzi. Ku Lilongwe madokotala adati si Parkinson koma matenda otchedwa essential tremor. Adawapatsa mapilitsi a propranolol omwe poyamba ankathandiza koma pano ayi. Mwana wathu amene ali ku Johannesburg wapeza dokotala kumeneko woti akawaone, ndipo zikatheka akawachite opaleshoni ya muubongo. Panopa tikudikira kuti ndalama zikwane.

Koma agogo, chandilembetsa kalatayi si manjawo. Bambowa asintha. Kale adali munthu wanthabwala, pakhonde pathu sipankatha anthu. Lero kumaliro sapita, kuukwati sapita, ati anthu aziwayang'ana akamadya. Usiku sagona, masana amangosinza. Ndikawayankhula amakhala ngati sakumva, kenako n'kupsa mtima kuti ndikuyankhulira m'mimba. Amaiwala pomwe aika tepi, poyenda pamchenga amadzandira. Ayambanso kumwa kachasu pang'ono tisanadye, ati manja amakhazikika, chonsecho moyo wawo wonse sankalawa mowa. Sabata yatha adandiuza kuti munthu wosatha kudzidyetsa yekha bola kungofa.

Andiletsa kuti zimenezi ndisamuuze mwanayo kapena dokotala, poopa kuti opaleshoni ingalephereke. Alongo awo akuti n'zamatsenga, tipite kwa sing'anga. Kodi zonsezi zidzatha akadzachitidwa opaleshoni? Ndikhale chete monga akufunira?

NB,
Chipoka, Salima

Zikomo mayi NB,

Ndiyambe ndi mawu a sabata yathawo, chifukwa amenewo sangadikire kuti ndalama za ku Joni zikwane. Munthu amene sagona, wasiya kucheza, wayamba mowa ataukana moyo wake wonse, ndiye n'kumati bola kufa, ameneyo akufunika thandizo sabata ino. Khalani nawo pansi pa awiri muwafunse mosapsatira ngati adaganizapo zodzichotsera moyo. Musaope kuti mukuwapatsa nzeru yoipa, kufunsa sikuika maganizo amenewo m'mutu mwa munthu, ndipo ambiri amapepukidwa wina akawafunsa. Ngati m'nyumba muli tameki kapena mankhwala a mbuzi za m'dimba, achotseni lero. Mapilitsi a propranolol aja muzisunga ndinu n'kumawapatsa a tsiku limenelo basi. Kenako kwerani nawo minibasi mupite kuchipatala cha boma ku Salima mukafunse anamwino kapena akiliniko oona za matenda a maganizo. Kuvutika maganizo kotereku ndi matenda ndithu, ndipo mankhwala ake ndi uphungu wake zilipo konkuno. Ku Lilongwe kulinso a Saint John of God amene ntchito yawo ndi yomweyi.

Tsono funso lanu loti mukhale chete. Ayi mayi, musakhale chete. Koma mantha a bambowo ndikuwamvetsa, ndiye ndifotokoze bwinobwino.

Matenda a essential tremor si achilendo. Padziko lonse amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 aliwonse, ndipo mwa anthu opitirira zaka 65 amagwira anayi kapena asanu mwa 100. Nthawi zambiri amayenda m'magazi, n'chifukwa chake apongozi anu adali nawonso. Alongo awo aja muwafunse mwaulemu kuti nanga bambo awo adawalodza ndani. Kusiyana kwake ndi Parkinson n'kwakuti wa Parkinson dzanja limagwedezeka likangokhala pamwendo, pomwe matenda awa dzanja limavuta likafuna kugwira ntchito, monga kunyamula kapu, kulemba, kulunjika singano. Kwa telala ndiye ndi chilango chenicheni.

Kwa zaka zambiri madokotala ankawatenga ngati matenda a manja okha. Masiku ano akudziwa kuti anthu ambiri odwala matendawa amakhalanso ndi nkhawa, kukhumudwa, kusowa tulo, kutopa, kumva movutikira, kudzandira pang'ono ndi kuiwalaiwala, kuposa anzawo amsinkhu womwewo. Ndiye zimene mwalembazi si nkhanza za amuna anu, komanso si kuti chikondi chatha. Manyazi nawo ndi mbali yaikulu. Mwambo wathu wodyera limodzi, wina akukuyang'ana ukutema mbamu n'kusunsa m'ndiwo, ndi wowawa kwa munthu amene msuzi umamuthera pamalaya. Tsoka lake nkhawa imawonjezera kunjenjemera, kunjenjemerako n'kuwonjezeranso nkhawa.

Koma si zonse tingaziike pamatendawa. Propranolol yemweyo ena amawafoola, kuwalotetsa maloto oipa ndi kuchepetsa mphamvu zakuchipinda, nkhani imene abambo ambiri amafa nayo mumtima osaitchula. Musawasiyitse mwadzidzidzi, n'zoopsa kumtima, dokotala ndiye aone ngati n'koyenera kusintha mlingo kapena kuyesa mankhwala ena otchedwa primidone. Apemphenso kuyezedwa chithokomiro, chifukwa chikamagwira ntchito mopitirira chimanjenjemeretsa munthu ndi kumusowetsa tulo. Za makutu, ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ndipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre amayezanso. Mwina mudzapeza kuti theka la mikangano yanu ndi khutu chabe.

Kachasuyo sakunama, mowa pang'ono umakhazikadi manja kwa anthu ambiri odwala matendawa. Koma n'kwakanthawi, ukangotha m'thupi kunjenjemera kumabwerera ndi ukali, ndiye munthu amawonjezera tambula ina. Umasokoneza tulo, umakuza kukhumudwa, umawonjezera kudzandira. Pamsinkhu wa zaka 63 kugwa kamodzi kokha n'kuthyoka chiuno nkhani ya opaleshoni ya manja yathera pomwepo.

Nanga opaleshoniyo imatani? Yodziwika kwambiri imatchedwa deep brain stimulation. Adaiyamba madokotala a ku Grenoble m'dziko la France mu 1987 ndipo ku America idavomerezedwa pamatendawa mu 1997. Amalowetsa kawaya kopyapyala pakati pa ubongo pamalo otchedwa thalamus, n'kukalumikiza ku kabatire komwe amakaika pansi pa khungu la pachifuwa. Kamagetsi kochepa kochokera pamenepo ndi kamene kamakhazika dzanja. Palinso njira ina imene idavomerezedwa ku America mu 2016, yowotcha kamalo kakang'ono komweko ndi mafunde a ultrasound popanda kung'amba mutu. Zonse ziwiri zimathandiza kwambiri dzanja. Munthu amatha kumwanso tiyi yekha, ndipo ena mtima umatsika chifukwa manyazi achepa. Koma khutu siliyamba kumva, kuiwala sikutha, ndipo kudzandira ndi kayankhulidwe kwa ena zimaipirako pambuyo pa opaleshoni.

Apa ndi pamene chinsinsi cha bambowo chingawapweteke okha. Dokotala wabwino asanagwire mutu wa munthu amayamba wamuyeza kukumbukira, maganizo ndi kayendedwe, ndipo amafunsa za mowa. Amatero kuti asankhe njira yoyenera, adziwe ngati achite mbali imodzi kapena zonse ziwiri, ndiponso kuti asaphe wodwala ndi mankhwala ogonetsa atasemphana ndi mowa wobisidwa. Kukhumudwa kukapezeka sikuti khomo latsekeka, kawirikawiri amati kuchizidwe kaye kenako opaleshoni. Ndiye taganizani, mwana wanu wakhetsa thukuta, mwalipira pasipoti ndi ulendo, n'kukafika ku Johannesburg dokotala akuti bwererani mukayambe mwachiza maganizo. Si bwino kuchiziratu konkuno miyezi ino mukudikira?

Bambowo muwauze zimenezi momwemu, kuti kuulula ndi kumene kukuteteza opaleshoni yawo. Musayambe ndi kuimbira mwana foni kumbali, angaone ngati mwawavula pagulu. Apatseni mpata woti amuuze okha inu muli pomwepo. Akakanitsitsa, auzeni maso ndi maso kuti nkhani ya imfa simungaisunge nokha, ndipo muitane munthu mmodzi amene amamulemekeza, kaya ndi ankhoswe, abusa kapena ashehe, akuperekezeni kuchipatala.

Pakadali pano gulani kope la kusukulu muzilembamo tsiku ndi tsiku maola amene agona, mowa umene amwa, ngati agwa kapena kupunthwa, ndi zimene aiwala. Kopelo lipite ku Salima, lidzapitenso ku Joni. Tiyi ndi khofi achepetse, kapu ikhale yolemera ndipo muzithira theka. Pamashini asachokepo, mupezereni mdzukulu kapena mnyamata wophunzira utelala woti azilowetsa ulusi ndi kudula nsalu iwo akulangiza. Ndipo mwana wanuyo akafunse dokotala funso ili asanalipire kalikonse: kabatire kaja kamafuna kuchunidwa kangapo makamaka miyezi yoyambirira, ndipo pakapita zaka kamasinthidwa, nanga bambo akabwerera ku Chipoka azikawaona ndani, kuti, ndipo pa ndalama zingati?

Agogo