Masewera a Pamadzi: Thanzi Limafunanso Anzathu

Aphunzitsi anzanga, tikamaphunzitsa za masewera olimbitsa thupi timakonda kutchula mtima, mapapo ndi minofu. Ine ndikuti tisaiwale anthu amene munthu akusewera nawo.

Mu 1996 ku Vancouver, m'dziko la Canada, Dr Don McKenzie anasonkhanitsa amayi 24 amene anadwalapo khansa ya m'mawere kuti azipalasa bwato lalitali la mpikisano lotchedwa dragon boat. Masiku amenewo madokotala ankaletsa amayi otere ntchito zolemetsa mikono, poopa kuti itupa. Palibe amene mkono wake unatupa chifukwa cha kupalasako. Koma chimene chimandigwira mtima n'chakuti kafukufuku atatha, amayiwo anakana kubalalika. M'bwato lotere anthu 20 amapalasa mogwirizana, ndiye wina akajomba anzake amamufunafuna.

Ubale wotere si nkhani yamasewera chabe. Mu 2010 Julianne Holt-Lunstad ndi anzake anaunika zotsatira za kafukufuku 148, napeza kuti anthu ogwirizana kwambiri ndi anzawo mwayi wawo wokhalabe ndi moyo unali wokwera ndi 50 peresenti.

Zoona, wosambira yekha thupi lake limalimbanso. Koma ulesi ukamugwira m'nyengo yozizira, amulimbikitsa ndani? Nanga akayamba kumira, amuona ndani?

Choncho mukapita ndi ana kukasambira pamalo otetezeka, aikeni awiriawiri, aliyense aziyang'anira mnzake. Muziyamikira gulu limene lafika lonse kumtunda, osati wopambana yekha. Chizolowezi chimenechi adzakalamba nacho.