Wolumikiza wa m'nyumba za okalamba asasenze denga yekha



Lero ndili ndi nkhani imene yandikhala pamtima kwa masabata angapo. Ikukhudza makolo athu amene akukalambira kuno ku America, ikukhudzanso munthu wina amene ambiri a ife timangomupitirira pakhomo la ofesi yake osamupatsa ndi moni womwe.

Mwezi wathawu ndinapita ndi dikoni wathu kukazonda mayi wina wachikulire wa mumpingo mwathu, amene amakhala okha m'nyumba za okalamba. Tinawapeza akuchira kumene. Kwa masabata angapo mtsikana amene ankabwera kudzawasambitsa ndi kuwakonzera m'nyumba anali atasiya kubwera. Chinachitika n'chakuti kalata ya boma yofuna kuti atsimikizenso za Medicaid yawo inagona m'dirowa yosatsegulidwa. Maso awo saonanso zilembo zing'onozing'ono, ndipo anachita manyazi kuvutitsa ana awo amene amagwira ntchito usiku. Amene anazindikira vutoli sitinali ife a mpingo, ngakhale timawatchula m'mapemphero Lamulungu lililonse. Anali mayi wa mu ofesi ya pansi pa nyumbayo, amene anaona kuti gogowa sakutsikanso monga mwa masiku onse. Anakwera, anagogoda, anapempha chilolezo, nawerenga kalatayo pamodzi nawo. Kunena zoona, ndinabwerako mutu uli pansi.

Kwa inu a kwathu, ndiyambe ndafotokoza za nyumbazi, pakuti ambiri mukamva za nyumba za okalamba mumaganiza za chipatala kapena malo otayirako makolo. Si choncho ayi. Boma la America linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Section 202 m'chaka cha 1959, yothandiza mabungwe osachita malonda kumanga nyumba za anthu a zaka 62 kapena kuposerapo amene amapeza ndalama zochepa. Wokalamba amakhala ndi chipinda chake, khitchini yake ndi kiyi wake, ndipo kawirikawiri lendi amalipira magawo 30 mwa magawo 100 a ndalama zimene amapeza. Zambiri mwa nyumbazi zinamangidwa ndi mipingo. Bungwe la National Church Residences, limodzi mwa mabungwe aakulu pa ntchitoyi, linayambitsidwa ku Ohio mu 1961 ndi mbusa wa Chipresbateria. Choncho nkhaniyi si yachilendo kwa ife, ndi ya m'banja mwathu.

Komatu denga lokha silisunga munthu. Wokalamba akhoza kukhala ndi nyumba yofunda koma n'kumagona ndi njala chifukwa miyendo yakana kumufikitsa kusitolo. N'chifukwa chake lamulo la 1990 linalola kuti m'nyumbazi muzilembedwa munthu amene pa Chingerezi amamutcha service coordinator. Ine ndimutcha wolumikiza, pakuti ntchito yake ndi kulumikiza wokalamba ndi thandizo limene lilipo kale koma mwiniyo sadziwa khomo lake.

Malangizo a HUD, unduna woona za nyumba, amaika malire a ntchitoyi momveka bwino. Wolumikiza si namwino, sapereka mankhwala ndipo sasambitsa munthu. Si wotolera lendi kapena kalaliki wa mwini nyumba, ndipo sanalembedwe kuti azikonza maphwando. Iye amakhala pansi ndi wokalamba amene wavomera, namva zosowa zake, nafufuza kumene thandizo lingachokere, kenako n'kulondola ngati thandizolo lafikadi. Kuti aigwire bwino, amayenera kuphunzira maola 36 asanathe chaka choyamba pantchito, kenako maola 12 chaka chilichonse. Alinso ndi bungwe lawo, American Association of Service Coordinators, limene linayamba mu 1999, kumene amaphunzitsana ndi kulangizana.

Chida chake chachikulu ndi kaundula wa makomo ogogodapo. M'dera lililonse muli ofesi yotchedwa Area Agency on Aging, imene imagwira ntchito pansi pa lamulo la okalamba la 1965, ndipo amene sadziwa kumene ili amaipeza kudzera ku Eldercare Locator. Wolephera kuphika amabweretseredwa chakudya pakhomo ndi a Meals on Wheels. Wosowa ndalama ya chakudya amathandizidwa kulembetsa SNAP. Wosokonezeka ndi za Medicare amatumizidwa kwa alangizi a SHIP, amene salipiritsa ndipo sagulitsa inshuwalansi, makamaka pakati pa 15 Okutobala ndi 7 Disembala pamene anthu amaloledwa kusintha ndondomeko zawo. Wozunzidwa kapena woberedwa ndalama, ngakhale wakubayo ali mwana wake, nkhani yake imapita ku Adult Protective Services. Wotaya mtima mpaka kuganiza zodzipha ali ndi nambala ya 988, imene inayamba kugwira ntchito mu 2022. Malamulo a thandizoli amasiyana malinga ndi dera ndiponso mapepala amene munthu ali nawo, choncho amene munaitanitsa makolo kuchokera kwathu funsani musanalembe kanthu. Paja safunsa anadya phula.

Tsono mfundo yanga ndi iyi. Makomo onsewa ndi abwino, koma pali njala ina imene palibe ofesi ingaithetse. Mu 2023 mkulu woona za umoyo m'dziko lino, Vivek Murthy, anatulutsa chenjezo lakuti kusungulumwa kwasanduka mliri ndipo kumawononga thanzi la munthu. Wolumikiza akhoza kupeza galimoto yopita ndi gogo kuchipatala, koma sangapeze munthu wokhala nawo pa benchi n'kumawatanthauzira mawu a dokotala m'Chichewa. Akhoza kuitanitsa chakudya, koma sangaitanitse nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, ngakhalenso munthu wodya nawo m'mbale imodzi. Nyumba yonse, nthawi zina ya anthu makumimakumi, imayang'ana kwa iye yekha. Mutu umodzi susenza denga. Ndikunena kuti mpingo ndi achibale tiyenera kulembedwa m'kaundula wake, ndi mayina ndi manambala a foni amene akaimbidwa amayankhidwa.

Kumbukirani nkhani ya m'buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 6. Mumpingo woyamba chakudya chinalipo, koma amasiye olankhula Chigiriki ankadumphidwa pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku. Vuto silinali kusowa kwa chakudya koma kusowa kwa dongosolo, ndipo odumphidwawo anali a chilankhulo china, monga alili makolo athu kuno. Atumwi sanawauze amasiyewo kuti apirire. Anauza mpingo kuti usankhe anthu asanu ndi awiri a mbiri yabwino oti ayang'anire ntchitoyo. Ife a Chipresbateria timaona pamenepo muzu wa udikoni. Onani kuti sanasankhe mmodzi ayi, anasankha asanu ndi awiri. Nanga ife tikusiyiranji mayi mmodzi wa mu ofesi ntchito imene mpingo woyamba unaiona kuti ikufuna gulu?

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima: ife sitisiya makolo m'manja mwa alendo, mwana wolongosoka amasunga mayi wake pakhomo pake. Mawuwo ndimawalemekeza, ndipo amene mwatha kutero Mulungu akudalitseni. Koma tinene zoona. Kwathu gogo amakhala pakhonde, odutsa n'kumawapatsa moni, adzukulu n'kumawatungira madzi. Kuno gogo amene ali m'nyumba ya mwana wawo amatha kukhala okha kuyambira m'mawa mpaka usiku, chitseko chokhoma, kunja kukugwa chipale. Ena mwa makolowa anasankha okha kukhala m'nyumba za okalamba kuti akhale pakati pa anzawo ndiponso asunge ulemu wawo. Tchimo si kumene kholo likugona. Tchimo ndi kuganiza kuti poti pali wolembedwa ntchito, udindo wathu watha. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Kwa inu ana ndi adzukulu, pempho langa n'losavuta. Mukapita kukaona makolo, gogodani pa ofesi ya wolumikiza, mudziwane naye. Musakwiye akakana kukuuzani za makolo anu, pakuti ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi pokhapokha mwiniwake atalola, kapena moyo utakhala pangozi. Ngati makolo avomera, asaine kalata yomulola kulankhula nanu. Muzitsegula nawo makalata a boma nthawi isanathe. Ndipo musamutume kuti akakamize makolo kuchita zimene inu mukufuna. Wokalamba ali ndi ufulu wokana thandizo, ndipo imvi sizilanda munthu nzeru.

Kwa inu a mumpingo mwathu amene mukugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ena mwina mudzakhala pa mpando wa wolumikizawu, ndili ndi mawu a chikondi. Mtima wachifundo wopanda malire umatha msanga ngati nyali yopanda mafuta. Musasunge ndalama kapena khadi la kubanki la wokalamba, ngakhale akuchonderereni. Musalonjeze chimene simungathe. Lembani zimene mwachita tsiku lomwelo. Kaundula wanu muzimukonza kawirikawiri, pakuti maofesi amasamuka ndipo nambala yakufa imagwetsa ulesi munthu amene anachita kulimba mtima kuti apemphe. Mukaona zizindikiro za nkhanza musazikwirire pofuna kusunga mbiri ya banja. Musagwiritsenso ntchito mpando wanu kukopera anthu ku mpingo wanu. M'nyumbamo muli a zipembedzo zosiyanasiyana, ndipo ulaliki wanu ukhale kukhulupirika kwanu. Mukatopa, nenani kuti mwatopa.

Kwa akulu a mpingo anzanga, madikoni ndi amayi a chigwirizano, nkhaniyi ndidzaibweretsa ku bwalo lathu likudzali. Ndidzapempha kuti tilembe mayina a okalamba athu onse amene akukhala okha, ndipo aliyense akhale ndi anthu awiri omuyendera mosinthana. Ndidzapemphanso kuti tikadzionetse kwa olumikiza a m'nyumbazo, tiwauze zimene tingathe: galimoto ya Lamulungu, womasulira kuchipatala, wowerenga makalata, wokhala ndi wodwala usiku. Tikapite ngati othandiza, osati ngati oyang'anira ntchito ya eni ake, ndipo tikalemekeze malamulo a nyumbazo. Zimene sitingathe tisalonjeze, pakuti wokalamba amene wavala n'kudikira pawindo galimoto yosabwera amapwetekedwa koposa amene sanalonjezedwe kanthu.

Mayi aja ali bwino tsopano, ndipo mtsikana wowathandiza uja anayambanso kubwera. Potsanzikana anandigwira dzanja nati ndikathokoze mayi wa mu ofesi uja, pakuti iwo Chingerezi chawo n'chochepa. Ndinatsika, ndinagogoda, ndinathokoza, ndipo ndinamusiyira nambala yanga.

Ambuye asunge makolo athu, alimbitse manja a onse owatumikira, ndipo atipatse ife mapazi ofulumira kupita kumene mapemphero athu amafika kale. Amen.