CHENJEZO: Dzanja likapsa inu osamva ululu, pitani kuchipatala

Inu a ku Kabwata, Chelstone, Woodlands, Kabulonga ndi nonse ogwira ntchito m'tauni muno mu Lusaka, tamverani. Ngati mwaphula mphika pambaula, kenako n'kuona matuza m'zala koma kutentha simunakumve, musadzitame kuti manja anu ndi olimba. Ikhoza kukhala nthenda imene madokotala amaitcha syringomyelia.

M'kati mwa mtsempha waukulu wamumsana, uja wochokera ku ubongo, mumachita kamphako kodzaza madzi kotchedwa syrinx. Kamakula pang'onopang'ono, ndipo kamayamba kuwononga timitsempha timene timamvetsa munthu ululu ndi kutentha. N'chifukwa chake akakugwirani mumamva, koma moto ayi. Kenako manja amafooka, zikhatho zimaphwa, kumanga batani la malaya kumasanduka ntchito. Ena mutu umawawawa kunkhongo akatsokomola, akayetsemula kapena akamakanika kuchimbudzi. Ana ena amapindika msana.

Ambiri chimawayambitsa ndi chilema chobadwa nacho chotchedwa Chiari, pomwe kunsi kwa ubongo kumapanikiza njira ya madzi pakhosi. Koma tikudera nkhawa kwambiri inu amene munavulalapo khosi kapena msana pangozi ya minibasi, munagwa pomanga nyumba, kapena munadwalapo meningitis kaya TB yamumsana. Kamphakoka kamatha kutulukira patapita miyezi ngakhale zaka, ngozi ija mutaiiwala kale.

Musathowe malo adzanziwo ndi madzi otentha, mudzadziwotcha osadziwa. Mphini sizifika pomwe pali kamphakoka, ndipo mapilitsi opha ululu amangochedwetsa ulendo wakuchipatala. Madzi osamba ayambe wakuyeserani wina.

Yambirani kukiliniki ya kwanuko, monga ya Kabwata kapena ya Chelstone, ndipo fotokozani zonse, ngakhale ngozi yakalekale ija. Shuga ndi khate nazonso zimachititsa dzanzi, choncho wosiyanitsa ndi dokotala. Akakupatsani kalata yopita kuchipatala cha UTH pa Nationalist Road kapena ku Levy Mwanawasa pa Great East Road, musaiike pansi pa matiresi. X-ray wamba saonetsa kamphakoka. Kamaoneka ndi makina a MRI.

Opaleshoni imatha kuimitsa nthendayi, koma mtsempha umene wafa kale kawirikawiri subwerera mwakale. Ngati miyendo yayamba kulemera kapena mkodzo ukungotuluka wokha, musadikire malipiro a mwezi uno. Pitani lero lomwe, ndipo uthengawu muuzeko anzanu kutchalitchi ndi kumsika.