Mfuti isasanduke nyambo yokopera mavoti

Pali nzeru zina zachilendo zimene zimafika m'dziko mwaulemu ngati mlendo wopempha madzi, koma zikapatsidwa mpando sizichokanso. Imodzi mwa izo ndi yonena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosunga mfuti, ndi kuti wofuna kulowa m'Nyumba ya Malamulo ayambe wagwadira eni mfutiwo. Malawi alibe bungwe la eni mfuti loika ndi kuchotsa aphungu, ndipo malamulo oyendetsera dziko lino satchula ufulu wotere. Koma nkhanga zinapangana kusanapse. Atsogoleri a chipani ndi ogwira ntchito m'boma, makamaka a m'madera onga Benga m'boma la Nkhotakota, ayenera kudziwa m'mene nthenda imeneyi imagwirira dziko.

Kwawo kwa nthendayi ndi ku Amereka. Bungwe la National Rifle Association, lotchedwa NRA mwachidule, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1871 kuti liziphunzitsa anthu kuombera molunjika. Pa msonkhano wake wa mu mzinda wa Cincinnati m'chaka cha 1977, gulu la anthu ouma mitu linalanda utsogoleri, ndipo kuyambira pamenepo bungweli linakhala la ndale kotheratu. Mu 1980 linauza mamembala ake kuti avotere Ronald Reagan. Mu 1994 linathandiza kugwetsa Tom Foley, Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, m'dera lake lomwe, chifukwa chovomereza lamulo loletsa mitundu ina ya mfuti zoopsa. Mu 2016 linaononga madola oposa 30 miliyoni pothandiza Donald Trump.

Komatu mphamvu yake yeniyeni sinali ndalama zokha ayi. Bungweli limalemba aphungu malikisi monga ana a sukulu, kuyambira A mpaka F, ndipo linaphunzitsa anthu ake kuvota poyang'ana nkhani imodzi yokha. Unyinji wa anthu umaganiza za chipatala, sukulu ndi mitengo ya zinthu, ndipo mavoti awo amamwazikana. Koma kagulu kochepa kamene sikajomba pa chisankho cha chipulula, ndiponso sikaiwala amene anakalakwira, kamaopedwa kuposa khamu lonse.

Zipatso zake zinaoneka mu Disembala 2012, pamene mnyamata wina anapha ana 20 ndi akuluakulu 6 pa sukulu ya Sandy Hook. Dziko lonse linalira. Mu Epulo 2013 nyumba ya Senate inavotera lamulo laling'ono chabe, loti ogula mfuti ambiri azifufuzidwa mbiri yawo asanagulitsidwe. Aphungu 54 anavomera, 46 anakana, koma pankafunika 60, ndipo lamulolo linafera pomwepo. Kodi aphungu okanawo analibe ana? Anali nawo. Chimene ambiri a iwo anaopa ndi malikisi aja.

Anthu a ku Benga safunika kukwera ndege kuti akaphunzire zimenezi, pakuti makolo awo anazionera pakhomo. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anafika ku Nkhotakota ngati wamalonda napempha malo kwa mfumu Malengachanzi. Anali ndi mfuti ndi onga. Masiku amenewo Angoni ankathira nkhondo midzi ya Achewa, ndipo ambiri anathawira kwa a Jumbe kuti mfutizo ziwatchinjirize. Mapeto ake mlendo anaposa mwini dziko: mafumu anayamba kuyang'ana nkhope ya mwini onga asanagamule mlandu, ndipo zombo zinkaoloka nyanja zitadzaza minyanga ya njovu ndi akapolo, ulendo wa ku Kilwa. David Livingstone anadzionera yekha malonda onyansawa mu 1861 ndi mu 1863. Mfuti inalowa m'dera lino ndi dzina la chitetezo, monga momwe a NRA amaigulitsira.

Phunziro lina ndi la dzulodzuloli. Mu Disembala 1993 asilikali a dziko lino analanda zida gulu la Apayoniya, ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani, ndipo pa 17 Meyi 1994 Amalawi anaponya voti popanda gulu la chipani chilichonse lonyamula mfuti. Zaka zomwezo, nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti za AK-47 zinalowa m'dziko muno mozemba. Kodi zinabweretsa mtendere ndi bata m'midzi? Zinabweretsa mbava zothyola masitolo ndi kulanda galimoto.

Tsono nyambo ya masiku ano ili pati? Ili pa madandaulo oona a anthu. Mlimi wa mpunga amene mvuu zamudyera munda ali ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi womveka. Chimodzimodzinso msodzi amene wabedwa injini ya boti, mayi amene ng'ona yamugwirira mwana padooko, ndi midzi ya kumtunda imene njovu zimaithyolera chinangwa. Kwa anthu otere, munthu wofuna mpando akhoza kufika ndi mawu ozuna: kuti akasankhidwa adzamenyera nkhondo yakuti mudzi uliwonse ukhale ndi mfuti zake, kapena kuti ogwidwa ndi gogodela m'nkhalango adzawapepesera kwa akuluakulu. Phungu m'dziko muno amapambana ngakhale atangoposa mnzake ndi voti imodzi, choncho kagulu ka alenje ozemba ndi ogula nyama yawo kakhoza kudzitenga ngati NRA ya kunyanja.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhalango ya Nkhotakota inali ndi njovu zoposa 1,500, koma pofika 2015 zinatsala zosakwana 100 chifukwa cha opha nyama mozemba. Kunatengera kusamutsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017 kuti nkhalangoyo ikhalenso ndi moyo. Lamulo la za nyama zakutchire lokonzedwanso mu 2017 limalola khoti kupereka chilango cha zaka 30 kundende pa milandu yaikulu. Wolonjeza kufewetsa zimenezi akulonjeza chimene sangathe, ndipo akatha ndiye kuti wagulitsa chuma cha dziko.

Apa ndi pamene ogwira ntchito m'boma ayenera kudzifunsa mafunso owawa. Wogulitsa nzeru ya mfuti sapeza msika pamene boma lafika msanga. Amaupeza pamene lipoti la mvuu yovuta lagona sabata zitatu patebulo, pamene mlonda wa nyama afika maliro ataikidwa kale, pamene wapolisi auza msodzi wobedwa kuti galimoto ilibe mafuta. Ulesi wa mu ofesi ndiwo umam'konzera munthu wotereyu bwalo la msonkhano.

Atsogoleri a chipani nawonso ali ndi chida m'manja. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, ndipo limalamula zipani kuulula amene azipatsa thandizo lalikulu. Wina akadzaimika galimoto pa Benga, m'mbali mwa msewu wa M5, n'kuyamba kulonjeza mfuti, wapampando wa nthambi aimirire pamaso pa mafumu ndi kumufunsa kuti mafuta a galimotoyo wamugulira ndani.